Mankhwala "olimbitsa mafupa" a ana m'mafamase a mu Blantyre: oyenera ndalama zanu ndi ati?

Lowani m'famase ya ku Limbe, ya pa Ginnery Corner kapena ya m'tauni, munene kuti mwana wanu miyendo ikupindika. Kawirikawiri chimene chimatsika pashelefu ndi botolo la mavitamini amadzi otsekemera, pachikuto pali mwana wonenepa akumwetulira. Pambali pake pamakhala mafuta a chiwindi cha nsomba, timabotolo ta madontho a vitamini D, ndipo pansi penipeni, pamene maso safika msanga, mapiritsi oyera a kashiamu. Pa ana ambiri a matewe kuno kwathu, mapiritsi osaoneka bwino apansiwo ndiwo amagwira ntchito, ndipo botolo lokongola lija ndilo limadya ndalama pachabe.

Kuti izi zimveke, tiyambe ndi fupa. Fupa la mwana limakulira kumapeto kwake, pamene pali chicherewecherewe chofewa. Chicherewecherewecho chimauma n'kusanduka fupa pokhapokha chikalandira kashiamu ndi fosifeti wokwanira. Zikasowa, chimangokula chili chofewa, n'kufutukuka m'mbali, ndipo mwana akayamba kuimirira, thupi lake lomwe limapinda miyendo. Amenewa ndiwo matenda a matewe amene madokotala amawatcha rickets. Tingayerekeze ndi khoma: kashiamu ndiye simenti, vitamini D ndiye amene amanyamula simentiyo kuchokera m'matumbo kulowetsa m'magazi. Ku Ulaya, kumene dzuwa limasowa miyezi yambiri, chimaperewera ndi wonyamula. Blantyre ali pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa equator, dzuwa lopanga vitamini D pakhungu lilipo chaka chonse, ngakhale chiperoni chikamabwera mu June ndi July. Kuno nthawi zambiri wonyamula alipo, simenti ndiye palibe.

Zimenezi zinaonekera kalekale. Mu 1978 dokotala John Pettifor ndi anzake analemba za ana akumidzi ku South Africa amene anali ndi matewe chifukwa cha zakudya zopanda kashiamu, pamene dzuwa anali kulipeza tsiku lililonse. Mu 1999 dokotala Tom Thacher ndi anzake anafalitsa zotsatira za ana 123 a ku Jos, ku Nigeria, amene ankadya kashiamu wokwana pafupifupi 200 mg patsiku. Patatha masabata 24, mwa ana amene analandira vitamini D yekha anachira ndi 19 pa 100 alionse. Amene analandira kashiamu yekha, 61. Amene analandira zonse ziwiri, 58. Ku Bangladesh, dziko lina ladzuwa, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2008 anapeza matewe mwa mwana mmodzi pa 100 alionse a zaka 1 mpaka 15, kutanthauza ana pafupifupi 550,000. Ku Gambia nkhani yake ndi yofanana. Ndipo kuno kwathu, kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 pa ana a ku Malawi opindika miyendo anapeza kuti magwero akulu ndi awiri: matewe a kusowa kwa kashiamu, ndi matenda ena a bondo otchedwa Blount, amene tiwakambe kumapeto.

Mbale ya mwana wa ku Ndirande kapena ku Bangwe imafotokoza zonse. Akasiya bere amakhalira phala la mgaiwa m'mawa, nsima masana, nsima madzulo. Ufa wa chimanga uli ndi kashiamu wochepa kwambiri, wosafika ndi 10 mg yomwe pa magalamu 100, ndipo gaga wa mu mgaiwa ali ndi phytate amene amagwira kashiamu wochepa yemweyo kuti asalowe m'magazi. Malangizo amene akatswiri a padziko lonse anagwirizana mu 2016 amati mwana woposa chaka chimodzi azipeza kashiamu woposa 500 mg patsiku, ndipo akamapeza wochepera 300 mg ali pangozi ya matewe ngakhale vitamini D wake ali bwinobwino. Shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amathiridwa vitamini A, mchere umathiridwa ayodini, ndipo kapisozi amene mwana amadonthezeredwa kusikelo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndi wa vitamini A. Zonsezi n'zabwino, koma palibe chimene chikukhudza fupa. Makolo ambiri amasokoneza A ndi D, n'kumaganiza kuti mwana anatetezedwa kale.

Tsopano botolo la mavitamini osakaniza lija. Tembenuzani kumbuyo muwerenge. Ambiri amakhala ndi vitamini D wokwana 200 mpaka 400 IU (IU ndi muyeso wa mavitamini) pa supuni ya 5 ml, zomwe zingathandize kuteteza koma n'zochepa kwambiri pochiza. Kashiamu mulibe, kapena alimo wongodzoletsa. Chifukwa chake n'chosavuta: kashiamu ndi mchere wolemera, wofuna malo, sungaukwanitse mu supuni imodzi pamodzi ndi mavitamini khumi ndi shuga. Choipa chachikulu cha botololi si kuti limavulaza, koma kuti limagonetsa makolo tulo. Mwana amamwa miyezi itatu, chilakolako cha chakudya mwina chimakwera, miyendo ikupitirirabe kupindika, ndipo nthawi imene fupa likanawongoka mosavuta ikutha. Pa mwana wa matewe, botolo limeneli lisiyeni.

Mapiritsi a kashiamu ndiwo ofunika kuwadziwa bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu amapusitsika ndi manambala. Nambala yaikulu yapachikuto nthawi zambiri ndi kulemera kwa mankhwala onse, osati kwa kashiamu weniweni. Mu calcium carbonate, kashiamu weniweni ndi magawo 40 pa 100, choncho piritsi la 1,250 mg limapereka 500 mg, ndipo lolembedwa 500 mg calcium carbonate limapereka 200 mg basi. Mu calcium citrate ndi magawo 21, mu calcium lactate 13, mu calcium gluconate 9. Piritsi la calcium lactate la 300 mg, limene limaoneka lotchipa, lili ndi kashiamu 39 mg yokha. Kuti mwana afike 500 mg angafunike mapiritsi 13 patsiku. Funani mawu akuti elemental calcium pachikuto, kapena funsani wa pafamase kuti akuwerengereni. Poyerekeza mitengo, musayerekeze mabotolo. Werengani kuti 500 mg ya kashiamu weniweni ikukudyerani makwacha angati patsiku, muchulukitse ndi masiku 90, chifukwa chithandizo sichichepera masabata 12. Mukawerenga motero, calcium carbonate wamba amapambana pafupifupi nthawi zonse, ndipo mapiritsi osungunula m'madzi ochita thovu, ngakhale ana amawakonda, amakhala okwera mtengo pa kashiamu yemweyo.

Kamwedwe kake kali ndi malamulo ochepa koma ofunika. Calcium carbonate amasungunuka ndi asidi wa m'mimba, choncho aperekedwe pamodzi ndi chakudya, osati mwana ali ndi njala. Thupi silitenga bwino kashiamu woposa 500 mg nthawi imodzi. Dokotala akalemba 1,000 mg, gawani pawiri, m'mawa ndi madzulo. Ndipo akhoza kulembadi 1,000 mg, pakuti kafukufuku wina wa ku Nigeria anaonetsa kuti mlingo umenewu umachiza msanga kuposa 500 mg, pamene 2,000 mg sawonjezera kanthu. Kwa mwana wosakwana zaka zitatu phwanyani piritsi pakati pa masupuni awiri, musakanize ndi phala lochepa la supuni ziwiri zoyamba, osati mbale yonse, kuti akakana kumaliza phala mankhwala akhale atalowa kale. Kudzimbidwa kumachitika, madzi, papaya ndi masamba zimathandiza, ndipo si chifukwa chosiyira.

Pali chenjezo limodzi limene ogulitsa ambiri saliganizira, koma kuno n'lalikulu. Kashiamu amagwira mankhwala ena m'matumbo. Mwana amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir amwe ARV wakeyo maola awiri kashiamu asanamwedwe kapena maola asanu ndi limodzi pambuyo pake, kupatula ngati zonse zikumwedwa pamodzi ndi chakudya monga achipatala angalangizire. Mukalakwitsa apa mukhoza kulimbitsa fupa uku mukufooketsa mankhwala a kachilombo. Ciprofloxacin ndi mankhwala owonjezera magazi a ayironi nawonso atalikirane ndi kashiamu. China: mankhwala oyera a chilungulira si onse ali kashiamu. Magnesium trisilicate si kashiamu, ndipo okhala ndi aluminium amachotsa fosifeti m'thupi, moti akamwedwa nthawi yaitali amafewetsa mafupa m'malo molimbitsa.

Madontho a vitamini D ali ndi malo ake enieni, ndipo malowo ndi makanda. Mkaka wa m'mawere uli ndi kashiamu wolowa bwino m'thupi koma vitamini D wochepa kwambiri, ndipo khanda la m'tauni limakhala m'nyumba, likatuluka lili m'nsalu, m'bulangete ndi chipewa. Malangizo a mu 2016 aja amati khanda lililonse lizilandira 400 IU patsiku kuyambira kubadwa mpaka miyezi 12, ndipo kupitirira apo thupi limafuna 600 IU kuchokera kudzuwa, chakudya kapena mankhwala. Ndalama zikakhala zochepa, oyamba kuganiziridwa akhale ana obadwa masiku asanakwane, mapasa, ana a mayi amene amagwira ntchito m'nyumba tsiku lonse kapena amavala zofunda thupi lonse, ana olumala amene satuluka panja, ana achialubino amene ayenera kupewa dzuwa, ndi ana omwa mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine, amene amafulumizitsa chiwindi kuwononga vitamini D.

Ngozi ya madonthowa ili pa mphamvu zosiyana m'timabotolo tofanana. Ena ali ndi 400 IU m'dontho limodzi, ena 400 IU mu 1 ml yathunthu, yomwe ndi madontho ambiri. Mayi amene anazolowera kudzaza kachubu ka 1 ml, akagula mtundu wa dontho limodzi n'kupitiriza chizolowezi, amapatsa khanda mlingo wochuluka kakhumi kangapo tsiku lililonse. Vitamini D satuluka ndi mkodzo ngati vitamini C, amaunjikana m'mafuta a thupi. Akachuluka, kashiamu amasefukira m'magazi: mwana amasanza, amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, amadzimbidwa, amaleka kunenepa, ndipo impso zimatha kuwonongeka. Mabotolo ena amalemba ma microgram m'malo mwa IU. Microgram imodzi ndi 40 IU, choncho 10 micrograms ndiyo 400 IU. Sankhani cholecalciferol, amene ndi mtundu wa vitamini D wotchedwa D3, onani tsiku lotha ntchito, ndipo musasunge botolo pawindo. Gulani m'famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Mavitamini a pa benchi pamsika, amene akhala padzuwa la mu October, simungadziwe chimene chatsalamo.

Mlingo wochizira ndi wina, ndipo ndi wa dokotala: 2,000 IU patsiku kwa khanda losakwana chaka, 3,000 mpaka 6,000 IU kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 12, kwa masiku 90, pamodzi ndi kashiamu wosachepera 500 mg. Kupereka vitamini D wambiri popanda kashiamu kwa mwana amene mafupa ake ali ndi njala kungagwetse kashiamu wa m'magazi mpaka mwana kukomoka. Makapisozi a 50,000 IU amene akuluakulu amamwa kamodzi pasabata asayandikire mwana popanda kalata ya dokotala. Alfacalcidol ndi calcitriol, ngakhale maina ake akumveka ngati vitamini D, ndi a odwala impso ndi matenda ena apadera, si a matewe a zakudya.

Mafuta a chiwindi cha nsomba ali ndi mbiri yolemekezeka. Ndi amene dokotala wa ku Britain Edward Mellanby anachizira nawo tiagalu ta matewe mu 1919. Supuni ya tiyi ya mafuta enieni ili ndi vitamini D pafupifupi 400 IU, koma ilinso ndi vitamini A wambiri, ndiye simungakweze mlingo kuti muchize popanda kupyola malire a vitamini A. Kashiamu mulibe. Khanda likatsamwa nawo amalowa m'mapapo. Ndi oteteza mwana wamkulupo, basi.

Chinthu chimene chikupambana shelefu yonseyi pa kuteteza sichili m'famase. Chili pamsika wa Limbe, wa Ndirande, wa Zingwangwa, pa mulu wa usipa, bonya ndi matemba. Nsomba zazing'ono zouma zodyedwa ndi minga yomwe zimakhala ndi kashiamu woposa 1,000 mg pa magalamu 100, ndiye supuni yaikulu yodzaza ya ufa wake, pafupifupi magalamu 10, imapereka 100 mg kapena kuposa, pamodzi ndi zomanga thupi, ayironi ndi zinki. Ku Nigeria komweko anayesa kuchiza ana a matewe ndi nsomba zosinja, ndipo mafupa anachira. Vuto ndi kakonzedwe kathu. Amayi ambiri amadula mitu chifukwa cha kuwawa, amachotsa minga poopa kuti mwana atsamwa, n'kumupatsa msuzi wokha pa nsima. Kashiamu yense watsala m'mbale ya zotaya.

Konzani chonchi. Sankhani nsomba zouma gwa, zopanda nkhungu, zopanda fungo la mankhwala ophera tizilombo. Tsukani mwachangu kuchotsa mchenga, musaviike. Ngati kuwawa kukuvuta, chotsani matumbo okha, mutu ndi msana zikhale. Yanikani ziume, kenako kazingani pamoto wochepa wa mbaula mphindi zisanu mpaka khumi, mpaka zizithyoka mukapinda. Zikapserera ufa umawawa ndipo mwana amakana phala. Sinjani mumtondo wouma, sefani, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: zotsalira musefa musataye, chifukwa zimenezo ndiyo minga, ndiye kashiamu amene mukufuna. Bwezerani mumtondo, sinjaninso mpaka zonse zidutse. Sungani m'botolo louma lotseka bwino, ndipo konzani wa sabata imodzi kapena ziwiri zokha, pakuti mafuta a nsomba amasasa msanga kukatentha. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi ayambe ndi supuni ya tiyi m'phala likuwira. Wa chaka kupita m'tsogolo, supuni zazikulu ziwiri patsiku, m'phala kapena m'ndiwo. Nsomba zikakhala zothira mchere musawonjezerenso wina.

Supuni ziwirizo sizifika 500 mg pazokha, ndiye pafunika chothandizira. Kapu ya mkaka ya 250 ml ili ndi pafupifupi 300 mg, chambiko chimodzimodzi, ndipo kuwiritsa mkaka wa alimi a ku Bvumbwe kapena Mpemba sikuchotsa kashiamu, choncho wiritsani ndithu. Chenjerani ndi ufa woyeretsera tiyi: ndi mafuta ndi shuga, si mkaka, ngakhale uli pashelefu imodzi ndi mkaka waufa. Ufa wa mawere uli ndi kashiamu woposa 300 mg pa magalamu 100, ndipo kusakaniza gawo limodzi la mawere ndi magawo awiri a mgaiwa kumasintha phala kwambiri. Mpiru, repu ndi chayinizi zimapereka kashiamu wolowa bwino. Bonongwe ali naye wambiri koma oxalate wake amagwirako gawo lalikulu. Malambe, chitowe ndi masamba a cham'mwamba zimawonjezerapo. Chiponde cha kuchipatala chili ndi kashiamu ndi vitamini D, koma ndi mankhwala a mwana wonyentchera, si chogula pamsika kapena chogawana ndi abale ake. Za dzuwa, mwana woyenda angosewera panja manja ndi miyendo zili poyera. Dzuwa lodutsa pagalasi la windo silipanga vitamini D, ndipo khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisaikidwe padzuwa lamasana. Ilo njira yake ndi madontho.

Musanagule chilichonse, dziwani kuti si matewe onse ali matenda. Ana ambiri amayamba kuyenda miyendo ili yopindikira kunja pang'ono, imawongoka pofika zaka ziwiri, mawondo amayamba kugundana pa zaka zitatu kapena zinayi, n'kukhazikika pofika zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana wotere safuna mankhwala. Wodwala amaoneka ndi zina: mfundo za polumikizira dzanja ndi mkono zotupa koma zosapweteka pokhudza, timibulu pa nthiti tondandalika ngati mikanda, chipumi chotuluka, liwombo losatsekeka atapitirira chaka ndi theka, mano ochedwa, kuchedwa kuyenda kapena kusiya kuyenda atayamba kale, kulira akaimitsidwa, msinkhu wotsalira pa anzake, ndi chibayo chobwerezabwereza chifukwa nthiti zofewa sizikoka mpweya bwino. Muimitseni mwana akakolo atagundana. Mpata wa pakati pa mawondo ukaposa masentimita 6, kapena mawondo atagundana mpata wa akakolo ukaposa masentimita 8, kapena mwendo umodzi wokha ndiwo ukupindika, kapena kupindika kukukula atakwana zaka ziwiri, pitani naye kuchipatala. Khanda likakomoka popanda kutentha thupi, kapena manja akauma n'kupindika, thamangani nalo tsiku lomwelo. Kashiamu wa m'magazi akhoza kukhala watsika kwambiri, ndipo zimenezi zimafooketsa ndi mtima womwe.

Njira yake ndi kuyamba pa chipatala chaching'ono cha kwanuko ndi buku la mwana la kusikelo, kumene angakutumizeni ku Queen Elizabeth Central Hospital. Zoyeza zofunika ndi X-ray ya dzanja ndi bondo, imene imaonetsa mapeto a fupa ofutukuka ndi onyenyeka, ndi magazi oyeza alkaline phosphatase, kashiamu, fosifeti ndi kagwiridwe ntchito ka impso. Kuyeza vitamini D m'magazi m'ma labu olipira n'kokwera mtengo, ndipo pa mwana wa kuno kukhoza kutuluka bwinobwino matenda alipo, choncho musayambire pamenepo. Chithandizo chikagwira, ululu umatha m'masabata ochepa, X-ray imasintha m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, koma miyendo imawongoka pang'onopang'ono, chaka kapena kuposerapo. Kuimanga ndi timitengo kapena kuiwongola ndi manja posamba sikuthandiza, ndipo fupa lofewa limatha kuthyoka.

Miyezi itatu ikatha mwana akumwa mokhulupirika koma X-ray osasintha, musawonjezere mlingo nokha. Pali matewe otengera kumtundu amene impso zimataya fosifeti, pali a matenda a impso, ndipo pali Blount uja, amene mbali yam'kati ya fupa la pansi pa bondo imaleka kukula bwino. Blount amakonda ana onenepa ndi oyamba kuyenda msanga, magazi awo amakhala abwinobwino, ndipo palibe piritsi kapena usipa umene ungawongole. Ana oterewa, pamodzi ndi amene matewe anachira koma miyendo inatsala yopindika kwambiri, ndi a madokotala a mafupa. Chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002 pafupi ndi Queens, chimachita maopaleshoni a mafupa a ana kwaulere. Mwana akafika akadali kukula, nthawi zambiri amangoikidwa kachitsulo kakang'ono mbali imodzi ya bondo kuti mbali inayo ikule n'kuwongola mwendo yokha, kachitsuloko n'kudzachotsedwa. Akafika mafupa atasiya kukula, pamafunika kudula fupa ndi kuliwongola, opaleshoni yaikulu yokhala ndi masabata ambiri a pulasitala ndi ndodo. Popita, tengani buku la kusikelo, ma X-ray akale ngati alipo, ndi mabotolo onse amene mwana wakhala akumwa, kuti dokotala awerenge yekha kuti ndi kashiamu ndi vitamini D wochuluka bwanji amene walowa kale m'thupi.